Zithunzi Zitatu za Kangaude Mmodzi

Ndajambula anthu pa msika wa ku Mtendere kwa zaka zambiri, ndipo chinthu chimodzi ndingalumbire pamaso pa aliyense: kamera imanama, koma bodzalo imachita kuphunzitsidwa ndi mwini wake. Kantemba kanga n'kakang'ono. Muli nsalu yoyera kukhoma, mpando umodzi, kompyuta ndi makina otsukira zithunzi. Munthu amalowa ali bii ngati kunsi kwa poto, ine n'kumukhazika pafupi ndi getsi, n'kukankhira pang'ono pa kompyuta, pachithunzipo amatuluka atayera mbee. Palibe amene anandibwezerapo chithunzi chifukwa chomuyeretsa. Obweza ndi aja ndawatulutsa mmene alili. Ndayamba ndi zimenezi kuti pasapezeke wondimvera chisoni kuti mwina sindinkadziwa zimene ndinkachita. Ndinkadziwa bwino lomwe.

Ukwati wanga utatha ku Chawama, ndinabwerera pakhomo pa amayi ndili ndi mwana wanga wamkazi, matilesi amodzi ndi mapoto m'thumba. Malemu abambo anatisiyira puloti ya nyumba ziwiri. Ya kutsogolo inali ndi chipinda chogona amayi ndi pabalaza basi. Ya kuseri inali ndi tizipinda tiwiri, ndipo m'tizipinda tonse tiwirito munali alongo anga aakulu, okhaokha. Ine ndi mwana wanga tinkagona pabalaza. M'mawa uliwonse ndinkapinda matilesi n'kuwabisa kuseri kwa mpando, mkazi wamkulu wa bizinesi yake, kumavala mobisalira ngati mlendo wa pamaliro.

Alongo angawo ankandiposa zaka zisanu ndi zinayi. Akazi awo anamwalira osawasiyira mwana, ndipo sanakwatirenso. Anali achibwibwi, mawu ankawakakamira pakhosi, choncho anazolowera kukhala chete. M'komboni munthu wachete amakhala ndi mlandu asanapalamule n'komwe. Ntchito yawo inali ya m'galadeni ku mayadi, kwa mzungu wina wa ku Kabulonga. Mzunguyo pobwerera kwawo anagawira antchito ake katundu. Wophika anapata firiji. Mlonda anapata njinga. Alongo anga anatulukira pa geti akukankha wilibala, mmenemo muli bokosi la galasi lodzaza dothi, nkhope ili mwee ngati apatsidwa galimoto.

M'dothimo munali kangaude. Osati tija timaluka ulusi kudenga, ayi. Uyu anali wamkulu ngati chikhatho changa, waubweya thupi lonse, ndipo alongo anga anati dzina lake ndi talantula, wochokera kutsidya kwa nyanja, wamkazi, wokhala zaka zambiri kuposa galu. Anali atakumba una pakona pa bokosilo ndipo ankakhala momwemo tsiku lonse. Akatulutsa miyendo, unkangoona chinthu chakuda chonga chiguduli chopserera. Amayi anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti chisalowe m'nyumba mwawo. Chinalowa m'chipinda chachiwiri cha kuseri, pamodzi ndi makasu, zitini za mbande, ndi ndowa imene alongo anga ankawetamo mphemvu zoti kangaudeyo azidya. Anthu akugula mankhwala ophera mphemvu, kwathu kuli munthu akuzipatsa makoko a nthochi kuti ziswane.

Nditatopa ndi kupinda matilesi ndinapita kukawapempha mwaulemu, mpaka kugwada ndinagwada.

"Alongosi, nipaseniko rumu imozi. Mwana akula, sangazigona pa sitingirumu."

Anakanda m'mutu nthawi yaitali. "Ni-ni-nizaona," anatero. "Koma uja safuna chongo. Na kupya safuna."

Kangaude safuna phokoso, kangaude safuna kutentha! Mwana wa mlongo wawo akusintha zovala kuseri kwa chitseko, iwo akudera nkhawa makutu a kachilombo. Ndinadzuka n'kusansa maondo. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinawada, ndipo chidanicho ndinachisamala bwino.

Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi anabwera okha kudzandipempha, chipewa chili m'manja.

"Iwe, u-unikopeleko foto kangaude wanga. Ba bwana benze na foto yake, enze wa buluu. Nikauza bantu baniseka."

Nanenso ndinaseka, koma ndinatenga kamera. Chipindacho chinali ndi kawindo kamodzi, m'kati muli kachisisira ngakhale masana. Iwo anatokosa pakhomo pa una ndi kaudzu mpaka kangaudeyo anatuluka. Ndinajambula choyamba ndi kuwala kwa pawindo kokha, chinatuluka chakuda, monga maso ankaonera. Kenako ndinayatsa fulashi. Nditayang'ana kumbuyo kwa kamera ndinangoti kukamwa yasa. Miyendo yonse isanu ndi itatu inali buluu, buluu wonyezimira ngati ntchentche ya kuchimbudzi ikatera padzuwa. Ndinayang'ananso m'bokosimo, chiguduli chakuda chomwe chija.

Alongo anga anaseka mpaka misozi. Tsiku limenelo chibwibwi chinawathawa. Anandifotokozera zimene mzungu uja anawaphunzitsa: kuti mtunduwo uli mu ubweya momwemo nthawi zonse, umangofuna kuwala kwamphamvu kouwomba molunjika. Anati kangaudeyo amafundula ngati njoka, ndipo akangofundula buluuyo amawala kwambiri, koma akayandikira kufundulanso amathima n'kukhala wotuwa. Ananditsegulira chitini cha mabisiketi mmene ankasungamo mafundudwa akale, aliwonse athunthu ndi miyendo yake, ongoti ukaona n'kuyesa ndi akangaude ena ogona. Ine za kuwala sindinafunikire kuphunzitsidwa. Ndi zimene ndimadyera.

Patapita miyezi anandiitananso kuti ndione kuthima kuja. Ndinajambula pansi pa babu lachikasu la m'chipindamo, kangaudeyo anatuluka wofiirira ngati dzimbiri. Choncho pa kompyuta yanga panali zithunzi zitatu: chakuda, chabuluu ndi chofiirira. Ndinawalonjeza kuti ndiwatsukira, koma ndinkangoti mawa, mawa.

Chaka chomwecho amayi anayamba kutupa miyendo. Ku kiliniki anati ndi mtima ndi shuga, anawapatsa mapilitsi, koma miyendo inkangokulirakulira mpaka nsapato zinakana. Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala mayi wina wa ku Kopala, kumigodi kuja, wogulitsa zitumbuwa, tonse tinkamutchula kuti bana mpundu chifukwa anabereka mapasa. Iyeyu ndi amene anabwera ndi nkhani ya mneneri wopempherera mu shedi ya malata kuseri kwa msika, amene anthu ankangomutchula kuti ba papa. Kwa ba papa sunkapita chimanjamanja. Unkanyamula zithunzi za anthu onse a pakhomo pako mu envulopu, iwo n'kuziyala patebulo, n'kuziika manja chimodzichimodzi mpaka apeze pamene pali vuto. Mwambo umenewu ndinkaudziwa bwino, chifukwa zithunzi zambiri zopita ku shediko zinkatsukidwa m'kantemba kanga: amuna othawa pakhomo, ana olephera mayeso, apongozi okayikitsa.

Ndinatsuka cha amayi, changa, cha mwana wanga ndi cha alongo anga. Kenako ndinakhala pa mpando wa makasitomala nthawi yaitali ndikuyang'ana kompyuta. Sindinganame kuti Satana anandinong'oneza. Maganizowo anali anga, ndipo atabwera ndinamva kukoma. Ndinatsuka zitatu zija za kangaude n'kuzilowetsa mu envulopu momwemo. Sindinawonjezere mtundu uliwonse, sindinakhudze kalikonse, zonse zinali zoona mmene kamera inazitolera. Ndinamata envulopuyo ndi malovu n'kutseka kantemba.

Mu shedimo munadzaza azimayi, kutentha kwake kosaneneka. Itafika nthawi yathu, ba papa anakhuthula envulopu patebulo. Anali munthu wamng'ono thupi, wa suti yonyezimira ndi kathaulo paphewa. Za anthufe anangozikankhira pambali. Ananyamula zitatuzo n'kuziyang'ana mosinthanasinthana.

"Ivi vinyama ni vingati?"

"Ni chimozi, ba papa," ndinayankha ndikuyang'ana pansi.

"Chimozi? Manje mitundu itatu ichoka kuti?"

"Kaya. Chinkala mu rumu ya ba kalongosi banga. Ndiye bamachidyesa."

Anakweza zithunzizo m'mwamba kuti onse aone, shedi yonse inangoti "Eee!" Bana mpundu anayamba kulira mokweza ngati amayi amwalira kale. Ba papa anati chinthu chimenechi sachipempherera chili kutali, abwera okha pakhomo Loweruka masana.

Lowerukalo alongo anga anali kokadula mpanda wa maluwa ku Ibex, chifukwa chichokereni mzungu uja ankangodalira maganyu. Ba papa anafika ndi gulu la azimayi oimba, ndipo a m'komboni atamva nyimbo anatsatira mpaka bwalo lathu linadzaza. Chitseko cha kuseri chinali chokhoma. Ine ndinkadziwa kuti kiyi amaibisa pansi pa chitini cha mbande za mapapaya, ndipo ndinakaitenga ndi dzanja langa.

Analowa ochepa, ena akusuzumira pawindo. Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa monga mwa masiku onse. Kangaudeyo anali atafundula masiku apitawo ndipo anali panja pa una wake, phee. Anthu anayang'ana, anayang'ananso. Chinali chinthu chakuda m'bokosi la dothi, basi. Wina kumbuyo anati, "Ah, ni kangaude chabe uyu." Ndinaona ba papa akupukuta thukuta ndi kathaulo kaja, atasowa pogwira, ndipo mtima wanga unagwa poganiza kuti zonse zathera pomwepa.

Anandipulumutsa ndi bana mpundu. Mayi ameneyo sangaone ngozi, ndewu kapena maliro osatulutsa foni. Anailozetsa pa galasi, ndipo chifukwa cha mdima wa m'chipindamo foniyo inayatsa yokha fulashi. Atayang'ana chimene wajambula anakuwa mpaka foni inagwa.

"Mayo ine! Yanganani! Na menso ni chakuda, mu foni ni cha buluu!"

Pamenepo aliyense anatulutsa yake. Chipinda chinkangoti ng'ani ng'ani, ndipo foni iliyonse inkatulutsa buluu yemweyo, wowala kuposa wa pachithunzi changa chija. Mafoni anayenda m'manja mpaka kwa oima kumsewu. Tsopano sinalinso nkhani ya ine kapena ya envulopu yanga, aliyense anali ndi umboni wake m'manja mwake. Ba papa anapezanso mawu. "Chingabisale ku menso ya muntu," anafuula, "koma ku laiti sichingabisale!" Mayi wina anagwetsa chitini cha mabisiketi pa shelefu, mafundudwa aja n'kumwazika pansi, ndipo anthu anapondana pothawira panja akukuwa kuti muli mitembo ya anzake. Wina anavundukula ndowa ya mphemvu. Zimenezonso zinawerengedwa pa mlandu.

Alongo anga anafika pakati pa chipwirikiticho, sizasi yodulira mpanda ili paphewa, masamba ali m'tsitsi. Anthu anawapatukira. Ataona chitseko chawo chili pululu anaponya sizasi pansi n'kuthamangira m'kati, ndipo choyamba chimene anachita chinali kuphimba bokosilo ndi jekete yawo kuti mafulashi asamuvutitse kangaudeyo. Anthu anaona zimenezo. Anawakokera pabwalo n'kuwaonetsa mafoni.

"Ni-ni-ni laiti chabe," anatero. "Mu-mu-mutundu ulimo mu ma-ma-ma..."

Mawu anakanirira. Mnyamata wina woyendetsa basi anawatsanzira, "Ma-ma-ma-masalamusi!" ndipo bwalo lonse linafa nacho chiseko. Alongo anga anayang'ana uku ndi uku mpaka anandipeza nditaima pafupi ndi khonde. Nkhope yawo inamasuka. Ndimaikumbukabe nkhope imeneyo, ya munthu amene waona wake pakati pa adani.

"Mu-mufunseni mlongosi wanga. Ndiye nchito yake. Iwe, bauze."

Onse anatembenukira kwa ine. Ba papa anati, "Kambani amai, imwe muziba va makamera."

Ndinakonza chitenje changa bwinobwino. "Ine ba papa, zaka zonse izi nakopa bantu, nakopa nkuku, nakopa na mitembo mu mabokosi. Chintu chakuda chimachoka chakuda. Ivi sininavionepo."

Theka la anthu amene anaima pabwalopo anali ndi zithunzi zochokera m'kantemba kanga zitapachikidwa m'nyumba zawo, iwo atayera ngati sanapsepo ndi dzuwa. Bana mpundu anali nazo zinayi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anakumbuka. Alongo anga sanandikalipire, sananditukwane. Anangondiyang'ana kukamwa kuli kotsegula, ngati akudikira kuti ndimalize chiganizo.

Amayi anawatulutsa panja atawanyamula pa mpando, miyendo yawo yotupa ataisanjika pa ndowa yovundikira. Ba papa anagamula kuti ngati mwamunayu sali pa pangano ndi chinthucho, achiphe yekha ndi manja ake anthu akuona. Akakana, ndiye kuti wasankha chinthucho kuposa mayi ake, ndipo atuluke nacho pakhomopo lero lomwe. Ine m'mtima ndinati zatheka. Ndinkawadziwa alongo anga. Ndinali wotsimikiza kuti anyamula bokosi lawo pa wilibala n'kumapita, ine n'kusesa zipinda dzuwa lisanalowe.

Iwo anayang'ana amayi. Amayi, amene anabadwira kummawa ndipo Chinyanja cha m'tauni sanachizolowere mpaka kufa, anati motsitsa mawu, "Mwana wanga, chita zimene akunenazo. Ndi kachilombo chabe."

Anagwirizana kuti achithire madzi owira. Koma madzi owira panalibe, magetsi kulibe, choncho alongo anga anachita kutulutsa mbaula yawo, kuika makala, kukoleza, n'kumakupiza ndi chivundikiro cha poto. Aliyense amene anadikirapo ketulo pa makala osayaka bwino akudziwa kutalika kwa nthawi imeneyo. Azimayi ankaimba n'kumaomba m'manja, nyimbo ikatha n'kuyamba ina. Bokosi linali pakati pa bwalo, padzuwa, ndipo kangaudeyo anathawira mu una wake. Alongo anga ananjuta pambali pa mbaula akukupiza, osayang'ana munthu. Ketulo itayamba kulira anainyamula ndi manja osakulunga kansalu, anavundukula bokosilo, anathira madzi onse mu unamo.

Kangaudeyo anatumphukira kunja, anathamanga pang'ono n'kugunda galasi, kenako miyendo inapindikira m'kati. Padzuwa lija buluuyo ankaoneka ndi maso, popanda foni. Anthu anati taonani chaulula mtundu wake pofa. Ba papa anafuula aleluya, azimayi analuluta. Alongo anga anaika ketulo pansi mosamala, zala zitatupa matuza, analowa m'chipinda mwawo n'kutseka chitseko.

Ndinene zoona: ndinakhumudwa. Kangaude wafa, munthu watsala, zipinda zikadali zake. Ndinagonanso pabalaza ndili ndi mkwiyo ngati wolandidwa.

Koma komboni inandimalizira ntchito. Miyendo ya amayi sinaphwe, ndipo anthu anayamba kufunsana chifukwa chake. Chithunzi cha buluu chija chinayenda m'mafoni mpaka ku Kalingalinga, mpaka kwa antchito a ku mayadi, ndipo maganyu anayamba kutha limodzilimodzi. Pa kiyosiki ya madzi azimayi ankachotsa zigubu zawo alongo anga akaika chawo pamzere. Wogulitsa tomato ankawauza kuti aike ndalama patebulo, asamupatsire m'manja. Usiku wina anthu anagenda malata awo, m'mawa tinatola miyala yodzaza beseni. Iwo ankangodzuka, kuthirira mbande zawo, kukhala pakhomo. Ine ndinkawadutsa ndi moni wa ulemu wonse, "Mwauka bwanji alongosi," iwo n'kuyankha ndithu. Kuyankhako n'kumene kunkandinyansa kwambiri.

Bana mpundu anabwera ndi uthenga wochokera ku shedi wakuti chiweto chinafa koma mbusa wake akadali pakhomo. Tsiku lomwelo amayi anawaitana alongo anga n'kuwauza kuti ayambe akakhala kwina kufikira iwo atapeza bwino. Sanatsutse. Mnzawo wina wa m'galadeni anali ndi kachipinda ku George, kutsidya lina la tauni, mabasi awiri kuchokera kwathu. Ananyamuka m'mawa ndi chikwama chimodzi ndi makasu atawamanga ndi lamba. Mbande anazisiya. Bokosi la galasi lija anali atalitsuka n'kulivundikira pakona, ndipo ine ndinaligulitsa kwa munthu wogulitsa masikono. Sabata yomweyo ndinapaka zipinda zonse ziwiri penti wa kirimu, china changa, china cha mwana wanga. Ndinagona tulo tabwino, ndisaname.

Amayi anakhala miyezi ina isanu. Alongo anga ankabwera Lamulungu lililonse n'kuima kunja kwa geti ndi kathumba ka malalanje, ine n'kukalandira, n'kuwauza kuti odwala agona. Masiku ena ankakhala atagonadi.

Tsiku lina masana ndikuwathowa miyendo ndi madzi ofunda, amayi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Zipinda zija ukuzimva bwanji?"

Ndinati zili bwino.

"Iwe umandiyesa chitsiru eti? Khosi la nkhunda sunalionepo likakhala padzuwa? Kangaude ndi kangaude. Mlongo wako uja sangalodze ngakhale nyerere."

Kansalu kanandigwa m'manja. Ndinafunsa kuti nanga bwanji sananene tsiku lija anthu atadzaza pabwalo.

"Iwe uli ndi mwana wamkazi," anatero. "Kwathu nyumba ndi ya akazi, mwamuna amakapeza kwake. Koma ndikanamuuza kuti choka akanandifunsa chifukwa, ndipo ine chifukwa ndinalibe. Unandipatsa ndi iwe." Anapuma kaye, mpweya unkawavuta. "Ndinaganiza kuti anyamula kachilombo kake n'kupita nako. Sindinadziwe kuti akapha. Chija chokha n'chimene chimandisowetsa tulo."

Ndinatola kansaluko n'kupitiriza kuthowa. Ndinachita mantha, komanso ndinamva manyazi ngati andipeza ndikusamba. Miyezi yonseyi ndinkadziyesa wochenjera ndekha pakhomopo, osadziwa kuti nkhalamba ili pa mpando ikundionerera.

"Ndikapita," anatero amayi, "ukamuuze kuti sindinamuyesepo mfwiti ngakhale tsiku limodzi. Ndipo chipinda chimodzi um'bwezere. Mwanayu akhoza kugona m'chipinda changa chino. Wamva?"

Ndinati ndamva. Ndinawafunsa ngati ndiwaitanire mwana wawoyo kuti amuuze okha, koma ndinafunsa motsitsa, modziwa yankho. Anatembenukira kukhoma n'kunena kuti alibe nkhope yomuyang'anira. Panalibe munthu wina m'chipindamo. Anamwalira patapita masabata awiri.

Pamaliro alongo anga anafika tsiku loyamba lomwe, ataonda, atavala jekete yomwe ija. Atakhala pa benchi ya azibambo panja, amene anali pamenepo ananyamuka mmodzimmodzi ngati akukayankha foni, mpaka anatsala okha pa benchi yonse. Masiku atatu anakhala pamenepo. Chakudya ankawaikira pansi chapatali. Kumanda atawerama kuti atape dothi loponya m'dzenje, bana mpundu anakuwa kuti asayerekeze, akufuna kuwatsatira mpaka m'manda kodi, ndipo akulu a mpingo anangoyang'ana kumbali. Alongo anga anabweza dothilo pansi n'kupukuta dzanja pa buluku. Akuti chibale ndi fupa sichiola. Ine ndinali pomwepo nditagwiriziridwa ndi azimayi awiri, ndikulira mokweza kuposa onse.

Titabwerako, anthu akusamba m'manja pa beseni la pa geti, alongo anga anandikodola kuti tipite pambali. Tinaima kuseri, pafupi ndi zitseko zawo zakale. Anaona penti watsopano, anaona makatani anga pa mawindo. Za tsiku lija sanandifunse, za kiyi kapena za zithunzi. Anavula chipewa n'kumachipotokola m'manja. Pa zala panali zipsera za ketulo ija.

"Nifuna kuziba chi-chimozi chabe," anatero. "Iwe ndiwe wenzepo. Amai ba-banafa bakali kuganiza kuti nine mfwiti?"

Uthenga wa amayi ndinali nawo pakamwa, wathunthu, mawu ndi mawu. Ndikanaunena, munthuyu akanagona tulo usiku umenewo. Koma uthengawo unali ndi mbali ziwiri, ndipo sindikanapereka yoyamba n'kubisa yachiwiri, chifukwa munthu amene mayi ake amuyeretsa amabwerera kwawo. Nyumba ya kutsogolo ndinali nditalonjeza kale mphunzitsi wina kuti adzalowemo pakutha pa mwezi.

"Banakamba kuti musakapondeko futi pano," ndinatero.

Anagwedeza mutu kangapo, pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa zimene ankayembekezera. "Zikomo po-poniuza zoona," anatero. Anavala chipewa, anadutsa pakati pa anthu amene ankawapatukira, anatuluka pa geti osasamba m'manja.

Ndinawayang'ana akutsika ndi kamsewu kopita ku siteshoni ya mabasi, akuyenda m'mbalimbali mwa ngalande kuti asagundane ndi munthu. Ndinamva chisoni chenicheni. Anali akadali pafupi, mawu anga akanawafika bwinobwino. Sindinawaitane.